Chuma cha Makolo ku Chongwe: Lamulo Likuti Chiyani, Nanga Khonsolo Tiifunse Chiyani?

Aliyense woyenda pa msewu wa Great East kuchokera ku Lusaka kupita ku Chongwe akudziwa mmene malo asinthira. Kumene kunali minda ya chimanga ndi tchire lodyetsera ng'ombe, lero kuli mipanda ya njerwa, zikwangwani zotsatsa mapuloti ndi malole a mchenga. Kuyambira ku Waterfalls ndi ku Silverest mpaka kulowera ku Palabana ndi ku Chalimbana, tauni ikudya midzi usana ndi usiku. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Chongwe muli anthu oposa 300,000. Munthu kufuna pokhala si mlandu. Povuta ndi apa: wopima mapuloti ali ndi mapu m'manja, pomwe wodziwa pamene pali manda a makolo, kasupe wopatulika kapena ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo ali nazo m'mutu mokha. Awiriwa akakumana pamlandu, wa pepala ndiye amapita kwawo akuseka.

Dera lonseli ndi la Asoli kuyambira kale. Ngakhale Lusaka, imene inakhala likulu la dziko mu 1935, inamangidwa pamalo pomwe anthu ankalima ndi kuika akufa awo, ndipo dzina inatengera kwa mfumu ya mudzi, a Lusaaka. Zimene zinagwera midzi ya kumeneko ndi zomwe zikuyandikira Chongwe tsopano. Kusiyana kwake n'kwakuti ife tili ndi malamulo, tili ndi makhansala amene tinawasankha tokha, ndiponso tili ndi ufulu wofunsa. Khonsolo ya Chongwe ikufunika ndondomeko yoteteza malo a mbiri, yokhala ndi zolinga zolembedwa, zowerengeka, zokhala ndi tsiku lake. Koma zolinga zoterozo sizidzalembedwa ngati nzika sizidziwa lamulo n'kuzifuna ndi pakamwa pawo.

Malire a 1924

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi National Heritage Conservation Commission Act la 1989, lomwe lili pa Chapter 173 ya malamulo a Zambia. Ndilo linakhazikitsa bungwe la NHCC, limene ntchito yake ndi kusamala malo ndi zinthu za mbiri, za chikhalidwe ndi zachilengedwe m'dziko lonse, komanso kusunga kaundula wa malowo.

Ambiri akamva za malo a mbiri amaganiza za mathithi a Mosi-oa-Tunya, kapena nyumba nambala 394 ku Chilenje imene a Kenneth Kaunda ankakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962. Lamuloli ndi lotakata kuposa pamenepo. Linaika malire pa 1 Januwale 1924, ndipo chimene chikudziwika kapena kukhulupiriridwa kuti chinamangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito tsikulo lisanafike limachiwerengera kukhala chuma chamakedzana. Amene analemba mndandanda wake ankadziwa moyo wa kumudzi. Mulimo mabwinja, mapanga amene munkakhala anthu, migodi yakale ndi ng'anjo za chitsulo, milu ya miyala imene anthu anaunjika polambula munda, madooko, njira zakale, malinga, mabwalo oweruzira milandu, malo othirira nsembe, zitsime ndi akasupe okhala ndi mwambo wake, zojambula pamiyala, ndiponso manda a mtundu uliwonse.

Mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: malo otere sadikira chikwangwani cha boma kuti atetezedwe. Lamulo likuletsa munthu aliyense kusintha, kuchotsa, kuwononga, kukumba kapena kutumiza kunja chinthu chamakedzana popanda chilolezo cholembedwa chochokera ku NHCC. Silikunena kuti malowo ayambe akhala a boma. Munthu akhoza kukhala ndi taitolo ya zaka 99 m'chikwama, koma ngati papuloti pakepo pagona anthu amene anaikidwa 1924 isanakwane, alibe mphamvu yobweretsa buludoza n'kusalaza. Wophwanya lamuloli akhoza kulipitsidwa chindapusa, kupita kundende, kapena zonse ziwiri.

Ku Chongwe zimenezi si nkhani yakutali. Mishoni ya Kasisi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, inayambidwa mu 1905 ndi bambo Jules Torrend a chipani cha Ajezuiti. Chotsala chilichonse cha zaka zoyambirirazo, kaya ndi maziko, chitsime kapena manda, chili pansi pa lamulo ili. Kum'mwera chakum'mawa kwa Lusaka kuli phanga la Leopard's Hill, limene boma linalilengeza kukhala chikumbutso cha dziko, momwe akatswiri anakumbamo zida zamiyala za anthu amene ankakhalamo zaka zikwi zambiri zapitazo. Ngati m'phanga limodzi munapezeka zotere, n'zovuta kukhulupirira kuti m'mapiri ndi m'zigwa zonse za kuno mulibe zina. Funso n'lakuti ndani wazilemba, ndipo munthu wogula puloti akazione kuti asanalipire.

Khasu likagunda chinthu

Udindo woyamba uli pa amene wagwira khasu kapena fosholo. Mukamakumba maziko, chimbudzi, chitsime kapena mchenga n'kupeza mafupa a munthu, mbiya zakale, mikanda, zibangili zamkuwa, nsonga za mivi kapena zotsalira za ng'anjo, lamulo likukuuzani chochita. Mudziwitse a NHCC pasanathe masiku 14. Muimitse ntchito pamalo enieniwo mpaka patadutsa masiku 30 kuchokera tsiku limene mwapereka uthengawo, pokhapokha bungwelo litakuuzani kuti pitirizani. Chinthu chimene mwapezacho muchipereke kwa iwo, kapena muwaitane adzachione n'kuchichotsa okha. Akakhala mafupa a munthu, nzeru ndi kudziwitsanso apolisi ndi amfumu tsiku lomwelo, pakuti inu simungadziwe ngati ndi akale kapena a posachedwa.

Ndikudziwa zimene zimayenda m'mutu mwa womanga. Simenti wagula kale, anyamata aganyu akudikira, mvula ili pafupi, ndipo masiku 30 akuoneka kutalika. Ena amangokwirira, ena amakataya kudzala kukada. Koma taganizani za Ing'ombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi. Mu 1960 anthu amene ankakumba pachitunda kuti aikepo thanki ya madzi anapeza manda okhala ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa ndi katundu wochokera kugombe la nyanja ya India. Lero ana a sukulu m'Zambia monse amaphunzira za malowa monga umboni wakuti makolo athu ankachita malonda ndi maiko akutali atsamunda asanabwere. Okumba aja akanakwirira n'kukhala chete, zonsezi sitikanazidziwa.

Taganizaninso za chigaza cha ku Kabwe, chimene anthu ogwira ntchito mumgodi anachipeza mu 1921. Chinapita ku London, ndipo chikadali ku Natural History Museum, boma la Zambia likuchipemphabe. Lamulo loletsa kutumiza zinthu zakale kunja silinangolembedwa chabe. Mlendo akabwera pamudzi kudzagula mpando wa mfumu yakale, ng'oma kapena nkhwangwa yachifumu, wogulitsa ndi wogula onse adziwe kuti ngati chinthucho n'cha 1924 isanakwane, sichingatuluke m'dziko popanda chilolezo cha NHCC.

Nanga zimene zinabwera pambuyo pake?

Mbiri ya Chongwe sinathere mu 1923. Koleji ya Chalimbana, imene lero ndi yunivesite, inayamba mu 1939 pamene sukulu ya Jeanes inasamuka kuchoka ku Mazabuka, ndipo aphunzitsi ambirimbiri a dziko lino anadutsa m'makalasi ake. Mu Novembala 1979, nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe ili kumapeto, asilikali a Rhodesia anaphulitsa milatho ingapo m'Zambia pofuna kudula misewu, ndipo umodzi unali wa pamtsinje wa Chongwe, pamsewu wa Great East. Akuluakulu amene anaona masiku amenewo akadalipo pakati pathu.

Zinthu zotere sizilowa zokha m'gulu la zamakedzana. Kuti zitetezedwe mokwanira, nduna ya boma iyenera kuzilengeza kukhala chikumbutso cha dziko itapatsidwa uphungu ndi NHCC. Khomo limeneli ndi lotsegula. Nyumba ya ku Chilenje ija inalengezedwa kukhala chikumbutso cha dziko, ndipo nyumba imene Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC cha ku South Africa, ankakhalamo ku Lusaka inatsegulidwa monga malo a chikumbutso mu 2017. Palibe choletsa mpingo, sukulu, gulu la nzika kapena nyumba yachifumu kulembera NHCC kupempha kuti malo ena aganiziridwe. Kalatayo inene pamene malowo ali, mwini wake ndani, chinachitikapo n'chiyani, mboni zake ndani, ndiponso choopsa chimene chikuwayandikira.

Zimene nkhalango nambala 27 yatiphunzitsa

Wofuna kuona mmene chitetezo chimapezekera ndi mmene chimatayikira ayang'ane nkhalango ya Lusaka East, yodziwika ndi nambala 27. Kumeneko ndi kumene kumachokera mtsinje wa Chalimbana, umene umathira mu Chongwe. Nkhalangoyi, ya mahekitala oposa 1,700, inatetezedwa mu 1957. Mu 1983 boma linachotsa chitetezocho. Malowo atayamba kuonongeka, mtsinje unayamba kuphwa, ndipo alimi ndi anthu a m'midzi ya kumunsi anagwirizana, nalemba kalata yodandaula, nasaina ambirimbiri. Mu 1996 pulezidenti Frederick Chiluba anabwezeretsa chitetezo. Anthu wamba anafuna, ndipo boma linamva.

Koma pakati pa 2017 ndi 2019, kudzera m'zilengezo zitatu za boma, zigawo zikuluzikulu za nkhalangoyi zinachotsedwanso m'chitetezo n'kusanduka malo omangapo nyumba. Mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, amene akhala pampando kuyambira 1971, anatsutsa poyera. Bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'derali anapita nayo nkhaniyi kukhoti. Ambiri anaimva ngati nkhani ya mitengo ndi madzi, ndipo sanalakwe: a m'tauni ya Chongwe akukumbukira zaka zimene damu lawo linauma m'chilimwe mpaka madzi kumabwera pamathanki. Koma kwa Asoli ndi nkhaninso ya mwambo. Chaka ndi chaka, mvula ikamayandikira, pamwambo wa Chakwela Makumbi amfumu amapempha mvula kudzera mwa makolo n'kudzala mbewu zoyamba. Pemphero limenelo silingalekanitsidwe ndi mitsinje ndi misitu ya dzikolo. Chalimbana akauma, mwambo udzatsala ndi zovala ndi ng'oma zokha.

Pamenepa ine ndikuonapo zinthu ziwiri. Choyamba, chitetezo chodalira lamulo limodzi ndi siginecha ya munthu mmodzi n'chosalimba, chifukwa ofesi yomwe inateteza ndi yomwenso inachotsa. Malo ofunika amangidwe ndi zingwe zingapo: lamulo la nkhalango la 2015, limene limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu loyang'anira nkhalango yawo, lamulo la madzi la 2011, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi la WARMA ndipo limalola kuti magwero a madzi alengezedwe kukhala otetezedwa, lamulo la NHCC, ndiponso pulani ya khonsolo. Wofuna kumasula adzafunika kugogoda pazitseko zinayi, ndipo pena pake wina adzafunsa. Chachiwiri ndi nthawi. Chilengezo cha boma chimatuluka m'gazeti imene mlimi wa ku Kapete kapena ku Kanakantapa saiona. Iye amadziwa makina atafika kale. Madzi akatayika saoleka. Khoti likhoza kuimitsa ntchito, koma silingadzutse mtengo umene wagwa kale, kapena kubwezera m'manda mafupa amene asakanikirana ndi dothi la pamsewu.

Amfumu, khonsolo ndi inu

Malo ambiri ku Chongwe ndi a mwambo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Lamulo la malo la 1995 likuti malo onse m'Zambia ali m'manja mwa pulezidenti m'malo mwa anthu, koma malo a mwambo sangasanduke a taitolo popanda chivomerezo cha mfumu ndi khonsolo, ndiponso anthu amene kusinthako kungawakhudze ayenera kufunsidwa. Mawu omalizawa ndiwo ufulu wanu. Ngati manda a banja lanu, kachisi wa mudzi kapena njira yopita kuchitsime ili m'kati mwa malo amene akufuna kuperekedwa kwa wina, inu ndinu wokhudzidwa. Musadikire kuitanidwa. Kaonaneni ndi a hedimani, lembani kalata kwa amfumu ndi kukhonsolo, ndipo musunge kope lodindidwa. Mawu a pansi pa mtengo ali ndi ulemu wake pakati pathu, koma ku Lands Tribunal, khoti la milandu ya malo, adzakufunsani chimene munalemba ndi tsiku limene munachipereka.

Ndinene mosapsatira: owononga si obwera okha. Nthawi zambiri amene amalozera wogula malire ndi mwana wa pamudzi pomwepo, wodziwa bwino lomwe kuti pansi pa mitengo ija pagona agogo ake. Umphawi ulipodi, fizi ya sukulu ikufunikadi. Koma hedimani amene walandira ndalama pamalo a manda wagulitsa chinthu chimene si chake, ndipo wamuika wogulayo m'mavuto amene sanawadziwe. Malamulo aakulu a dziko, monga anakonzedwera mu 2016, akuika pa nzika iliyonse udindo woteteza chilengedwe ndi kuletsa mchitidwe wochiononga. Udindowo sukhala wa anthu a kuboma okha.

Zitukuko zikuluzikulu, monga migodi ya miyala, misewu ndi midzi ya nyumba zambiri, zili ndi lamulo linanso. Environmental Management Act ya 2011 ikufuna kuti ntchito zotere zisayambe bungwe la ZEMA lisanavomereze lipoti lofufuza mmene zidzakhudzire malo ndi anthu, ndipo anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa. Mukamva za msonkhano wotere, pitani. Mukafunse ngati lipotilo latchula manda, akachisi ndi akasupe a kwanuko, ndipo mukaonetsetse kuti zimene mwanena zalembedwa. Lamulo lomweli likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi otetezeka, ndipo likumulola kupita kukhoti ufuluwo ukaopsezedwa.

Koma chida chachikulu, chimene ambiri sachidziwa, ndi Urban and Regional Planning Act ya 2015. Lamuloli likulamula khonsolo iliyonse kukonza pulani ya chitukuko ya boma lonse, yotchedwa IDP, anthu atafunsidwa maganizo awo, ndiponso likulola khonsolo kupangana ndi mafumu za kakonzedwe ka malo a mwambo. M'pulani imeneyi ndi mmene mumagamulidwa kuti apa pakhale nyumba, apa msika, apa pasamangidwe kanthu. Malo a mbiri amene sanaoneke pamapu a IDP, kwa wopima malo ndi tchire wamba. Khomo la munthu wamba lolowera m'zokambiranazi ndi komiti ya chitukuko ya m'wodi, ija timati WDC, imene ili m'lamulo la maboma ang'ono la 2019. Ndipo lamulo la Access to Information, limene linasainidwa mu Disembala 2023, likukupatsani ufulu wopempha zikalata za ofesi ya boma, kuphatikizapo mapulani ndi mapu a khonsolo.

Zolinga zoti tizifune

Cholinga chonena kuti "tilimbikitse chikhalidwe chathu" tichikane. N'chokoma m'khutu, koma palibe tsiku limene munthu angaimirire n'kunena kuti chalephera. Cholinga chenicheni chimanena ntchito, woigwira, ndalama zake ndi tsiku loimaliza.

Choyamba pa zonse ndi kaundula. Wodi iliyonse ilembe malo ake: manda akale ndi atsopano, akachisi, akasupe, mapanga, mabwinja, nyumba zakale za mishoni ndi za sukulu, mitengo imene pansi pake pankaweruzidwa milandu. Ntchitoyi sifuna ndalama zambiri. Ifuna akuluakulu odziwa, mnyamata kapena mtsikana wa foni yotha kuonetsa pamene waima pamapu, kope, ndi katswiri wa NHCC wodzatsimikiza. Khonsolo inene poyera kuti mawodi angati adzakhala atamaliza pofika chaka chakuti. Amayi achikulire asasiyidwe, chifukwa ndi iwo amene amadziwa akasupe, malo a chinamwali ndi pamene pankakumbidwa dothi loumbira mbiya, zimene abambo pabwalo sangazikumbukire.

Pali chovuta chimodzi chimene sindingachilambalale. Malo ena ndi achinsinsi. Eni mwambo sangalole kuti manda a mafumu kapena kachisi aikidwe pamapu oti aliyense aone, ndipo akunena zoona, pakuti alipo anthu ofukula manda kufuna chuma kapena zizimba. Yankho lake si kusiya kulemba ayi. Kaundula akhale pawiri: wina wa poyera, wina wosungidwa kunyumba yachifumu ndi ku NHCC. Pamapu a khonsolo pangoonetsedwa kuti chigawo chakuti sichiperekedwa popanda kufunsa amfumu, osatchula chimene chilipo.

Kaundula wongokhala m'kabati alibe ntchito. N'chifukwa chake cholinga chachiwiri n'chakuti alowe mu IDP ndi pamapu a ofesi yoona za mapulani, ndipo khonsolo idzimange yokha kuti sidzavomereza kusintha malo a mwambo kukhala a taitolo, kugawa mapuloti kapena kupereka chilolezo chomanga isanayang'ane mapuwo. Izi zikuteteza wogula yemwe. Mayi amene wasunga ndalama zaka zambiri kuti agule puloti ku Chongwe ali ndi ufulu wodziwa asanalipire kuti pamalopo sangamangepo.

Pambuyo pake pabwere malire ooneka ndi maso: zipilala za simenti m'makona, mzere wa mitengo kapena khonje, chikwangwani pamene eni mwambo alola. Manda ambiri amadyedwa pang'onopang'ono, mzere umodzi wa chimanga chaka chino, wina chaka chamawa, mpaka msitu wonse watha popanda tsiku limene munthu anganene kuti unagulitsidwa.

Cholinga china chikukhudza ife olankhula Chinyanja makamaka. Chisoli sichili m'gulu la zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'masukulu ndi pawailesi ya boma, ndipo m'chigawo cha Lusaka chinenero cha kuno chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu ndi Chinyanja. Ndiye kuti mwana wa Msoli amamva chinenero chathu kusukulu, kumsika ndi m'minibasi, ndipo chake chimatsalira kwa agogo. Maina a mapiri, mitsinje ndi midzi, nyimbo za mvula ndi mbiri ya mafumu zili m'Chisoli. Ife amene tinakondwa pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo tinaona gule wa Mooba wa Alenje, abale a Asoli, akulandira ulemu wotero mu 2018, tisakhale oyamba kukwirira za eni dziko amene anatilandira. Pulogalamu ya khonsolo ikhale ndi chiwerengero cha akuluakulu oti ajambulidwe mawu chaka chilichonse, m'chinenero chawo. Yunivesite ya Chalimbana ili pakhomo pomwepa, ndi ophunzira ofuna nkhani zofufuza. Zojambulidwazo zikhale za eni ake. Lamulo la 2016 loteteza nzeru za makolo ndi zaluso za mwambo likuletsa kuti munthu azitenge n'kumapindula nazo eni ake osavomereza.

Za ndalama ndinene mwachidule. Thumba la chitukuko cha m'konsitichuwense, CDF, linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo ntchito zake zimayambira pa zimene anthu apempha kudzera ku WDC. Zipatala, madesiki ndi mijigo zidzakhala patsogolo, ndipo n'koyenera. Koma chimene sichinapemphedwe sichikambidwa n'komwe. Pemphani ndalama zopimira malire a manda ndi akasupe. Akakana, akuuzeni chifukwa chake polemba. Khonsolo nayo ikhale ndi mzere wa ntchitoyi m'bajeti yake, ndi ofesala mmodzi wodziwika dzina amene munthu angamufikire akapeza chinthu pansi kapena akaona buludoza ikulowera kumanda. Munthu amene wachita zoyenera, waimitsa ntchito n'kukanena, asasiyidwe akudikira yankho mpaka simenti wake kuuma m'matumba. Akatero mmodzi, anzake khumi adzaphunzira kukwirira.

Ndichenjezeko za alendo okaona malo. Pamisonkhano yotere mawu oyamba amakhala akuti malo a mbiri adzabweretsa ndalama. Ena adzabweretsadi. Akasupe otentha a Chinyunyu, amene tsopano ali m'boma la Rufunsa chigawidwireni Chongwe, amaimitsa apaulendo pamsewu wa Great East, ndipo Chakwela Makumbi amasonkhanitsa khamu chaka chilichonse. Koma muyeso ukakhala ndalama, manda a mudzi wa kutali ndi msewu adzakhala omaliza pamndandanda, pakuti palibe mlendo amene adzalipire kukawaona. Timawasunga chifukwa mwagona anthu athu, ndiponso chifukwa ndiwo umboni wakuti mudziwo unalipo mapepala asanabwere.

Chomaliza n'chakuti kamodzi pachaka khonsolo ipereke lipoti pamsonkhano wake wa poyera: malo angati alembedwa, angati aikidwa malire, angati aonongeka ndipo anaononga ndani, madandaulo angati afika ndipo ayankhidwa angati. Lipotilo likawerengedwenso pawailesi ya m'deralo ndi kunyumba yachifumu, m'Chisoli ndi m'Chinyanja. Khansala amene akudziwa kuti adzafunsidwa manambala amenewa pamaso pa anthu amene anamuvotera sadzasaina pepala la malo mwachisawawa.

Mukaona kuti zinthu zalakwika

Musagwire chikwanje ndipo musagwetse mpanda wa munthu, chifukwa mlandu udzatembenukira inu. Jambulani zithunzi, lembani tsiku, dziwitsani a hedimani ndi amfumu, kenako lembani ku NHCC ndi kwa mlembi wa khonsolo. Ngati pakhudzidwa mtsinje kapena nkhalango, kalata ipitenso ku ZEMA, ku WARMA ndi ku dipatimenti ya nkhalango. Kufukula kapena kuononga manda ndi nkhani ya apolisi. Ofesi ya boma ikangokhala chete osayankha, dandaulo lipite kwa Public Protector, amene ntchito yake ndi kufufuza maofesi osagwira bwino ntchito. Amene alibe ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Board. Kalata yosainidwa ndi mudzi wonse imalemera kuposa ya munthu mmodzi.

Koma musadikire tsiku loipalo. Mvula isanagwe chaka chino, khalani pansi ndi akuluakulu a m'mudzi mwanu kapena m'komboni mwanu, lembani malo onse amene simukufuna kuti adzapimidwe, ndipo muwasainitse a hedimani. Kope limodzi lipite kunyumba yachifumu, lina kwa khansala wanu pamsonkhano wotsatira wa WDC, lina ku NHCC, lina mulisunge m'nyumba. Mukatero mukamufunse khansalayo kuti malowo adzaoneka liti pamapu a IDP ya Chongwe, ndipo akupatseni tsiku.